Mukakweza Dzanja Ndisiya

Amuna angawa anthu amawatcha Achitsulo chifukwa chowotcherera mageti, koma akangoona jakisoni, chitsulo chonsecho chimasungunuka. Dzino lam'mbali linawazunza mpaka tsaya kutupa ngati avumata mwala. Madzi amchere ayesa, adyo ayesa, koma ayi ndithu.

"Bambo, mwana wathu ndi dokotala wa mano, inu n'kumabuula ndi dzino? Anthu atiseka!" ndinatero.

Iwo amvekere, "Kamwana kamene ndinkakazula mano ndi ulusi, lero kandizule ine?"

Kutupa kutayamba kukwera chakudiso sindinafunsenso. Ndinabisa makiyi a kushopu, n'kuwakokera kuchipatala cha mwana wathu wachisambayo.

Chipatalacho n'chaching'ono: mabenchi, tebulo la mlembi, ndi zipinda ziwiri zonunkha mankhwala, chilichonse chili ndi mpando wopendekeka ndi getsi lalikulu pamwamba. Mwana wathu, ali mu zoyera zake, namwino ali pambali pake, anapinda mawondo kupereka moni, kenako anaunika m'kamwa mwa bambo ake ndi kagalasi.

"Ababa, dzinoli lachita mafinya. Lichoke lero, mafinyawo asanafalikire."

Ine ndimawadziwa amuna anga. Akanangodzuka pampandopo dzino lili m'kamwa, sakanabweranso ngakhale muwamange ndi tcheni.

"Pano tili ndi lamulo," anatero mwanayo. "Mukamva kuwawa kapena mantha, kwezani dzanja lamanzere. Ndisiya pomwepo."

Atangonyamula jakisoni, dzanja m'mwamba. Anasiya. Atayandikiranso, dzanja m'mwamba. Anasiyanso, n'kubweza jakisoniyo pathireyi. Koma abale inu! Mtima wanga unawira.

"Singano sinakukhudzeni n'komwe! Mwanawe, anamwinowa agwire mikonoyo, iwe ubaye basi!"

"Amayi, khalani pansi," anayankha osakweza mawu. "M'chipinda muno sitigwira munthu."

Ndinakhala. Mwana wobala ndekha kundikhazika pansi, ine n'kumva kukoma!

Mlembi anasuzumira pakhomo kudzanena kuti mabenchi adzaza. Mwanayo sanayang'ane n'komwe wotchi. "Apepeseni, muwauze kuti tichedwa. Amene akumva ululu kwambiri alowe kwa dokotala mnzanga, enawo muwafunse ngati angabwere masana."

Bambo ake anamuyang'ana cham'mbali. "Ukundinyengerera chifukwa ndine bambo ako."

Namwino anaseka. "Ayi, bambo, n'chimodzimodzi kwa aliyense, mwana kaya gogo. Adokotala amati lamuloli anaphunzira kwa munthu wina wowotcherera mageti."

"Mwaiwala, ababa?" anatero mwanayo, akukokera kampando kake pafupi. "Dzino langa loyamba lija. Munamanga ulusi n'kunena kuti ndikakweza dzanja musiya. Ndinakweza, ndinakwezanso, ntchito yanu ili chiimire panja. Simunakoke mpaka nditanena ndekha kuti kokani. Kusukulu anandiphunzitsa kuzula, koma kudikira ndinaona kwa inu."

Amuna anga analiyang'ana dzanja lawo lija, lakuda bii, lamabala a moto, ngati akuliona koyamba. Kenako analilowetsa pansi pa ntchafu n'kulikhalira.

"Baya," anatero.

"Ayi, litulutseni. Likhale poti ndizilionapo."

Analitulutsa, n'kuliika pachifuwa. Silinakwerenso. Mwanayo anabaya pang'onopang'ono, anadikira kuti tsaya lichite dzanzi, n'kumafotokoza chilichonse asanachichite: apa mumva kukankha, apa mumva phokoso, musadabwe. Posakhalitsa tinangomva kwee m'kabeseni. Kadzino kamene kanatisowetsa tulo tonse m'nyumba kanali kowola mpaka kumizu.

Anawalumitsa thonje, anawapatsa mankhwala, n'kuwaletsa kulavulalavula ndi kumwa zotentha tsikulo. Iwo ankangogwedeza mutu ngati mwana wasukulu.

Potuluka, anthu pamabenchi anatiyang'ana ndi nkhope zotopa. Amuna anga, mlomo uli wopotoka, thonje lili m'kamwa, anaima pakati penipeni. "Musaope," anatero movutikira. "Mukakweza dzanja amasiyadi. Mwana wanga ameneyo."

Atafika pakhomo anatembenuka. Mwanayo anali ataima panja pa chipinda chake, akuvala magulovu ena. Bambo ake anavula chipewa, chimene savula ngakhale kwa apongozi awo.

"Zikomo, adokotala."

Ine kulira pagulu sindikonda, koma tsiku limenelo ndinalira, osabisanso nkhope.