Zogwa Pansi n'za Woyimba

Pa ntchito yanga ya u-MC sindinama. M'Lilongwe muno alipo ondiposa kutchena, alipo ondiposa Chingerezi, koma wondiposa kutulutsa ndalama m'matumba mwa anthu pa perekaniperekani sindinakumane naye. Ndine Elube, ndimakhala ku Kawale, ndipo maikolofoni ndayigwira zaka khumi ndi zinayi. Ukwati umene unatsala pang'ono kundichititsa manyazi unali wa ku Area 25, mu holo ina ya pafupi ndi msewu wa ku Kanengo.

Mkwatibwi anali Lusayo, nesi, chitsirizira cha a Ezekiel Mwalwimba, mkulu wa mpingo wa kwawo ku Karonga koma wokhazikika ku 25 kuyambira unyamata. Mkwati anali Pemphani wa ku Dowa, wogwira ntchito m'fakitale ya fodya ku Kanengo. Anawa chuma analibe. Anali atapeza kanyumba ka zipinda ziwiri ku Gulliver, ndipo eninyumba anawauza mosapsatira kuti Lolemba abwere ndi lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, apo ayi makiyi apita kwa wina. Chiyembekezo chawo chonse chinali pa perekaniperekani.

"Anti Elube," anatero Lusayo tsiku limene tinakumana, atandigwira dzanja, "Loweruka zikapanda kuyenda, banja tikayambira kuseri kwa nyumba ya Adada, m'kachipinda kosungira makala."

Ndinamuuza kuti agone tulo, imeneyo ndi ntchito yanga.

Tsono a Mwalwimba anali ndi kanthu kawo kumtima. Mnzawo wa mumpingo, wa ku Area 47, anaitanitsa woyimba wotchuka pa ukwati wa mwana wake, ndipo nkhani yake inakambidwa miyezi itatu. Iwo ana awo aakulu onse anawakwatitsa ndi kwaya basi. Pa womalizayu anafuna kuti anthu nawonso awakambeko. Anasankha Goodwin Mkokomo, mnyamata wa ku Mgona amene nyimbo zake zimalira m'minibasi iliyonse kuchokera ku depoti mpaka ku Lumbadzi.

Mtengo wa Goodwin pa ukwati aliyense wa ntchito yathu amaudziwa: K8 miliyoni kwa mphindi makumi anayi ndi zisanu, mafuta a galimoto padera. Ena amati n'kuba. Ine ayi. Munthu anavutikira dzina lake, ndipo nanenso wondifunsa mtengo wanga sindimuyankha ndikuyang'ana pansi. Koma nditamva kuti komiti yamupeza pa K3 miliyoni yokha, ndinayenera kufunsa kuti zatheka bwanji. Sindinafunse. Ndinangoti mwina bambowa amupempherera mpaka mtima wafewa.

Loweruka zinthu zinayamba bwino. Holo inadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Koma pofika 2 koloko ndinayamba kuona zachilendo. Pa tebulo losinthira ndalama, pamene pamakhala Tionenji, kashiya wathu wamkulu, panali mzere wautali. Anthu ankasintha ma K5,000 kukhala timipukutu ta ndalama zing'onozing'ono, koma ndikawaitana kuti adzavine, ankangoponya tiwiri titatu n'kubwerera pampando. Zonsezo ankasungira Goodwin. Sindinade nazo nkhawa. Ndinati zisungeni, zidzagwa pansi pomwepa.

Nthawi yomweyo analowa mnyamata wa suti yothina, kumbuyo kwake kuli atsikana awiri onyamula mabasiketi ofiira. Anati ndi Collins, manejala wa Goodwin.

"Sisi, ndinu MC? Muwauze otola ndalama anuwo kuti bwana akangokwera pa steji, iwo apume kaye. Titola ndife."

"Mutola ndinu bwanji?"

"Aa, simunauzidwe? Ndi dilu imene tinapanga. Faivi miliyoni tinachotsayo mukuona ngati ndi chachifundo?"

Anandionetsa pa foni kalata yosainidwa. Mawu ake anali achindunji: ndalama zonse zoponyedwa kuyambira pamene woyimba wakwera pa steji mpaka watsika n'za woyimba. Pansi pake panali siginecha ya a Mwalwimba, yokongola ngati ya pa satifiketi ya ubatizo.

Ndinauza Joe, DJ wathu, kuti aike nyimbo yaitali, ine n'kukatenga bambowo pampando wawo mwaulemu wonse mpaka kuseri kwa holo.

"Abambo, ichi munasainachi munachiwerenga?"

"Ndinawerenga, mwana wanga. Si tindalama tija timaponyera oyimba? Ifetu kwaya ikaimba bwino timaiponyera. Sizifika n'komwe pogulira fanta onse."

Ndinawayang'ana. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, woti maukwati onse amene anayendetsa anali a kwaya, ankaona ngati anthu amufupa Goodwin ngati mmene amafupira amayi a Umanyano, a Mvano a kumpoto, akamaliza kuimba sumu m'tchalitchi. Ndinawauza mosabisa. Ndinati anzake a Pemphani a ku Kanengo, amalonda a mumsika wa 25, abale ochokera ku Karonga, onsewo ndalama zili m'manja kudikira mnyamata ameneyu, ndipo zikagwa iye ali pa steji, Lusayo sapeza olo ya machesi.

Anatsamira khoma. Kenako anati, "Mwana wanga ndamugulitsa ndekha."

Mkwiyo wonse umene ndinali nawo unathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

"Chonde musalengeze," anatero. "Lusayo asadziwe. Anthu asadziwe."

Kulengeza sindikanalengeza ngakhale akanandilola. Ukauza anthu kuti musaponye, ndiye kuti ukwati wautsira madzi, woyimba wamunyoza, ndipo bambo wa mwini ukwati sadzayendanso mutu uli m'mwamba ku tchalitchi. Ndinabwerera kwa Collins n'kumufunsa kuti bwana wake ali kuti. Anati ali m'galimoto panja, akwera 3:30 ndendende monga mwa pulogalamu. Wotchi inali pa 2:40.

Mphindi makumi asanu. Ine tsiku lina ndinatulutsapo K600,000 kwa anthu a pa chinkhoswe cha ku Chinsapo magetsi atazima. Ndinauza Tionenji kuti atsikana athu otola asapume, ndinamwa madzi, n'kutenga maikolofoni.

"Anthuni! Goodwin Mkokomo wafika, ali panjapa!"

Holo inagwedezeka ndi nthungululu.

"Koma pali vuto. Akuchimuna akuti ayambe ndi 'Usandisiye pa Depoti'. Akuchikazi akuti ayi, mwana ndi wathu, ayambe ndi 'Basi ya ku Karonga'. Ine ndine wa ku Kawale, sindikondera. Lichero ili n'la Dowa, ili n'la Karonga. Lolemera ndi limene lisankhe nyimbo."

Palibe amene anali atanena zimenezo, koma nditangozinena zinasanduka zoona. A ku Dowa anadzuka onse ngati alumidwa ndi linthumbu. Ndinawasiya aponye, kenako ndinasuzumira m'lichero lawo n'kupukusa mutu.

"A Dowa, fodya simunagulitse chaka chino? Kapena mwabwera ndi ya thiransipoti yokha?"

Anabwereranso kachiwiri. A ku Karonga poona zimenezo anatumiza amayi awo patsogolo, mipango ili mbuu, akuimba m'chinenero chawo. Ndinati, "Mpunga uja timagula modula ku msika wa 25, ndalama zake ndi zimenezi? Onjezani, alamu anu akukusekani!" Joe naye ankadziwa ntchito yake: ankangoika kachidutswa ka nyimbo iliyonse, anthu akati ayambe kukomedwa iye n'kudula.

Apa m'pamene a Mwalwimba anazindikira chimene ndikuchita. Bambo amene ana ake omwe anali asanamuonepo akuvina anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyamba kutsetsereka kubwera kutsogolo mapewa akugwedera. Anapisa m'thumba la mkati n'kukhuthulira zonse m'lichero la Karonga. Anthu anakuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Akuluakulu a mpingo anzawo sakanakhalanso pansi mkulu mnzawo ali pabwalo, ndipo aja a ku Area 47 anachita kutulutsa chikwama chenicheni.

Karonga inapambana. Wotchi inati 3:05.

"Nyimbo yapezeka," ndinatero. "Tsopano malo. Kutsogolo kuno, pamene thukuta la Goodwin lizigwera, n'kwa gulu limodzi lokha. Ena nonse muzionera m'mapewa mwa anzanu. A ku Kanengo, amalonda a mumsika, anesi anzake a Lusayo, ndani akufuna kutuluka pa vidiyo?"

Anyamata a ku Kanengo ndimawadziwa. Akhoza kugona ndi njala, koma kuti azimayi ogulitsa kaunjika awapose pamaso pa anthu, zimenezo ayi. Timipukutu tonse tija tinamasulidwa. Mzere unabwereranso kwa Tionenji, ena akufunsa ngati angatumize pa foni. Ndinawerenga nambala ya mkwati katatu, pang'onopang'ono.

Collins anatulukira pambali panga nkhope itasintha.

"Sisi, mukupanga chani? Bwana akuti akwere pompano."

Ndinatseka maikolofoni ndi dzanja. "Achimwene, pepala lanu lija likuti 3:30 ndendende. Munalemba nokha. Ifenso timalemekeza zosainirana."

"Izizi ndi zachinyengo izi."

"Pali amene waponya bwana wanu ali pa steji? Mabasiketi anu agwireni bwino, nthawi yanu ikubwera."

Anatuluka akuimba foni. Ine ndinagulitsanso chinthu chimodzi chotsiriza: mwayi wokamutenga Goodwin ku galimoto n'kumuperekeza polowa. Umenewo anaulimbirana atsikana operekeza mkwatibwi ndi azakhali ena a ku Dowa a zaka zoposa zanga, ndipo azakhaliwo anapambana atamasula mfundo ya pa chitenje. Pofika 3:28 ndinauza atsikana athu kuti asese paliponse, ngakhale pansi pa mipando, ndipo Tionenji anatseka zonse m'chikwama n'kuchikhalira.

Goodwin analowa. Ndinene zoona, mnyamatayo amaimba. Mawu ake ali pamaso ndi okoma kuposa a pa wailesi, ndipo atayamba "Basi ya ku Karonga" amayi ena achikulire analira misozi akuvina. Lusayo anavula nsapato. Ine ndemwe ndinaiwala kuti ndili pa ntchito. Anthu anapisa m'matumba mofunitsitsa, koma munatuluka ma K50 ndi ma K100 otsalira, ena n'kumangomuponyera mipango ndi zipewa. Atsikana a mabasiketi ofiira ankayendayenda ngati nkhuku zotola mapira pa bwalo losesa kale.

Sindinamve kuti ndamulakwira. K3 miliyoni yake anali atalandira kale, ndipo anaimba mphindi zake zonse osadula ngakhale imodzi, zimene ndinamulemekeza nazo. Potsika anaima pafupi nane akupukuta thukuta, anasuzumira m'basiketi imodzi, n'kuseka mpaka kugwira bondo.

"Mayi, ndinu oopsa. Collins anandiuza kuti ukwati wa anthu a tchalitchi ndi wophweka."

"Mwaimba bwino, achimwene. Ulendo wina muzingotchula mtengo wanu wonse, okwanitsa akwanitse."

Anagwedeza mutu akusekabe n'kumapita. Collins sanatsanzike.

Anthu atayamba kubalalika, dzuwa likadalipo, Tionenji ananong'oneza akwati zimene zinapezeka. Lendi ija inakwana, n'kutsalanso ya matiresi ndi mbaula. Pemphani anangokhala pansi n'kugwira kumutu. Lusayo ananyamula diresi lake n'kuthamangira kumene kunali bambo ake, pafupi ndi khomo, pamene ine ndinkapinda mawaya ndi Joe. Anagwada pa simenti ndi diresi loyeralo.

"Adada, ine ndinkadandaula mumtima kuti ndalama za woyimba zikungopita pachabe. Mundikhululukire. Anthu aponya chonchi chifukwa cha iye. Munaganiza bwino, Adada. Lolemba tikukatenga makiyi."

A Mwalwimba anandiyang'ana ine pamwamba pa mutu wa mwana wawo, maso ali ofiira, kudikira kuti ndinena chiyani.

"Bambo akowa amadziwa kukonza zinthu, Lusayo," ndinatero. "Uziwamvera."

Anaika dzanja pa velo ya mwana wawo kuti amudalitse monga amachitira akulu a mpingo, koma pemphero linakanika kutuluka. Anangoti, "Dzuka, mama, udetsa diresi," misozi ikugwera pa tayi.