Ng'ala ya Mayi Nediljka ndi Mlendo wa ku Chile

Anatsika sitima ya m'mawa yochokera ku Split atanyamula sutikesi imodzi, ndevu zili mbuu mpaka pachifuwa. Padoko panalibe wodzawachingamira. Anachita lendi kachipinda pamwamba pa bekare yophikira buledi, ndipo titawafunsa dzina anangoti, "Ku Chile amanditcha Don Lucho." Chiyankhulo chathu ankachidziwa, koma mawu awo anali osasa, opindika ngati a munthu wokhalitsa kunja. Anthu a pachilumba chathu cha Brač anapita ku Chile ambirimbiri, choncho tinangoti ndi mwana wa mmodzi wa iwo.

Tsiku lililonse ankabwera kukalabu ya anthu opuma pantchito, kumene madala amamenyetsa makadi patebulo amayi akumwa khofi. Iwo sankasewera. Ankakhala moyang'anizana ndi mayi Nediljka, mayi wamasiye amene maso awo anali atachita ng'ala, moti anthu ankangowaona ngati zithunzithunzi m'nkhungu.

Dokotala anali atanena kuti opaleshoni yake ndi yosavuta. Koma inshuwalansi ya boma siilipira zonse: gawo lina limagwera wodwala, pokhapokha akhale ndi inshuwalansi yowonjezera. Yawo mayi Nediljka anaisiya amuna awo atamwalira, ndipo za opaleshoni sankafuna n'komwe kumva.

Tsiku lina kukalabuko kunabwera wa inshuwalansi kudzafotokoza mitundu ya inshuwalansi yowonjezerayo, ya boma ndi ya kampani. Atachoka, anasiya phokoso. Ena ankati ya boma ndiyo yabwino chifukwa siifunsa zaka. Ena ankakokera ya kampani, ati imalipirako ndi mankhwala odula.

"Amwali, sankhani imodzi," anatero mayi Perina kwa mayi Nediljka, mnzawo kuyambira pa utsikana. "Dzulo munapereka moni kwa bulu wa a Jerko."

"Anayankha mwaulemu kuposa mwini wake."

"Ndikunena zoona ine!"

"Ndiye maso atseguke kuti ndione chiyani? Makwinya anuwo? Mmene ndikukuoneramu mukadali namwali, Perina. Muzithokoza."

Madala anaseka mpaka makadi kugwa. Don Lucho okha sanaseke.

"Tengani ya boma, mayi," anatero chapansipansi. "Mankhwala odula simumwa. Chimene mukufuna n'chakuti akakugonekani kuchipatala musamalingalire za bilu."

"Ha, wa ku Chile uja ali ndi pakamwa! Nanga maso anga akukukhudzani bwanji, bambo?"

"Chaka chino mitengo ya maolivi yabereka mpaka nthambi kugwada. Si bwino kuti ingoonedwa ndi ife osaidziwa."

Mayi Nediljka anayamba kuyendetsa chala pamlomo wa kapu.

Potuluka, mayi Perina anawatsekereza mlendoyo pansi pa mkuyu wa kuseri kwa tchalitchi.

"Ndevuzo mukanamize nazo ana, Vicko Martinić," anatero. "Ine ndinalipo padoko tsiku lija munkanyamuka. Munamulonjeza Nediljka kuti mukangofika ku Chile mudzamuitanitsa, mtsikana n'kudikira mpaka anthu anatopa kumuseka."

Mkuluyo anavula chipewa.

"Mwamuuza?"

"Ndine wamisala? Koma inu ndiye ndakulepherani. Panopa akukukondani chifukwa sakukuonani. Ng'ala ikachoka, mwayaluka. Mwina adzakuthirani khofi wamoto kumaso."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukumukankhiranji?"

"Ndinamulanda kale zambiri, achemwali. Ndimulandenso maso kuti ine ndizikhala pampando uja?"

Mayi Perina anakoka mpweya.

"Chitsiru chokalamba," anatero, koma mofatsa. "Valani chipewa, dazi lingapse."

Sabata yomweyo mayi Nediljka analembetsa inshuwalansi yowonjezera ya boma ija. Anati achita zimenezi kuti Perina asiye kulongolola. Panali kudikira kuti iyambe kugwira ntchito, kenako kudikira tsiku la kuchipatala, ndipo nyengo yonse yothyola maolivi inathera m'kudikirako. Inali nyengo yokoma. Masana Don Lucho ankawagwira mkono n'kuyenda nawo m'mbali mwa doko, akuwauza mtundu wa boti lililonse lobwera. Mayiwo ankawapatsa nkhuyu zouma za m'thumba la epuloni, n'kumawakalipira kuti akuyenda ngati kamba. Ife tinkasuzumira m'mawindo ngati nkhaniyo ndi yathu. Nthawi zina mkuluyo ankatsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenako n'kungoloza mbalame.

Tsiku litakwana anakwera sitima onse atatu. Opaleshoni inayenda bwino, ndipo potuluka palibe anawafunsa ndalama. Mayi Nediljka anabwerera diso limodzi litamatidwa thonje.

M'mawa mwake namwino wa pachilumba anabwera kudzamatula. Mayi Perina anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Mlendoyo anali pabwalo, pansi pa mpesa, ndipo sutikesi yake inali pambali, yomangamanga kale. Ndevu zija anali atameta.

Mayi Nediljka anatuluka akuphethira. Anayamba ayang'ana denga la tchalitchi, kenako nyanja, kenako zikhatho zawo.

"Perina, mwakalamba bwanji!"

"Zikomo, amwali. Inunso galasi likukudikirani."

Kenako anatembenukira pansi pa mpesa paja. Anayandikira pang'onopang'ono mpaka mpweya wawo kumveka, diso latsopanolo likuyenda pachipumi, pamphuno, pachibwano. Mkuluyo anaimirira, chipewa chili pachifuwa.

"Sutikesiyo ndi ya chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Ndimati mwina mundithamangitsa."

"Kuthawa ndiye mumatha, chibadwire." Anaikankha ndi phazi mpaka inagwa cham'mbali. "Diso linalo akalichita mwezi wamawa, ndipo Perina sitima imamusanzitsa. Adzandiperekeza ndani? Khalani pansi khofi asanazizire, Vicko Martinić."