Mlatho wa pa Khwawa la Kanjedza

A Lameki Chagwa ankadziwa mayina a nduna zonse za boma, ndi zochotsedwa zomwe. Wailesi yawo inkakhala yomangidwa ndi mphira pa ngolo, moti ng'ombe zawo ziwiri, Bulaki ndi Sitima, zinamva mikangano ya ku Nyumba ya Malamulo kuposa aphunzitsi ena a pa Golomoti. Pa chisankho cha pulezidenti anali oyamba pamzere, ndipo chala cha inki anachionetsa msika wonse ngati bala.

Ngoloyo ndiyo inkadyetsa banja. Inkatuta mpunga wa anthu ku sikimu ya Bwanje kukausiya kumsewu wa tala, ndipo njira inali imodzi basi, yodzera pa khwawa la Kanjedza. Khwawalo linkakula chaka ndi chaka. Potsika ng'ombe zinkangoserereka, pokwera munthu nkumakankha kumbuyo, kukuwa mpaka mawu kusasa. Akazi awo, a Katerina, ankati tsiku lina pomwepo padzathyoka ng'ombe, ndipo ngolo ya ng'ombe imodzi ndi nkhuni chabe.

Kenako khansala wa dera lawo anamwalira, boma nkuitanitsa chisankho chachibwereza. Opikisana enieni anali awiri. Wina anali Mayi Idah Kamwendo a m'mudzi woyandikana nawo, amene khwawalo ankaliwoloka okha ndi dengu pamutu, ndipo analonjeza chinthu chimodzi chokha, mlatho. Winayo anali mwamuna wa kutsidya kwa tala, amene a Lameki sanavutike nkufunsa dzina lake.

"Khansala ndi chiyani?" ankatero pa bawo. "Munthu woyenda pa njinga yamoto yobwereka! Dziko limayendetsedwa ku Lilongwe, anthu inu."

Tsoka lake, chisankhocho chinagwa nthawi imene mpunga wayamba kukhwima, pamene mpheta sizipatsa munthu mpata ngakhale wokamwa madzi. Nyengo imeneyo munda sausiya wokha. Munthu amakhala pa nsanja kuyambira mbandakucha, kukoka zingwe za zitini ndi kukuwa, ndipo satsikapo mpaka wina atabwera kudzamulandira. Kwa a Chagwa, mayi ankagwira m'mawa, bambo masana.

"Abambo a Queen," anatero a Katerina akumanga mpango, "inu mukavote m'mawa uno, dzuwa likafika pamutu mudzandilandire, nanenso ndikaponye yanga. Ndi ya mlatho iyi."

"Musade nkhawa, amayi. Mzere wake uti? Ndingolowa nkutuluka."

Ananyamukadi, chiphaso chili m'thumba la shati. Koma njira ya kusukulu kumene ankavotera imadzera pa bawo, ndipo pa bawo m'mawa umenewo panali moto. Wailesi inali italengeza kuti nduna zasinthidwa. Abale inu, nkhani ngati imeneyo ingakambidwe bwanji popanda a Lameki? Anakhala pansi kuti angokonza pamene anzawo ankalakwitsa. Anafotokoza amene wakwera, amene wagwa, amene wagwa koma adzadzuka. Amuna onse anali tcheru, ziphaso zili m'matumba, aliyense akuti apita kukangozizira.

Kumunda a Katerina anakoka zitini mpaka mikono kuwawa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Anayang'ana kunjira kambirimbiri. Kamodzi anatsika pa nsanja nkuyenda pang'ono, koma mpheta zinangoti mbuu pa mpunga, iwo nkubwerera. Mtima unawapweteka kwambiri, koma mpunga sakanausiya.

A Lameki atakumbuka, pasukulu paja anali atatseka kale.

Mayi Kamwendo anagonja ndi mavoti osadzaza nkomwe minibasi imodzi. Amuna a pa bawo aja akanakwanamo bwinobwino, kondakitala nkutsalabe ndi malo. A Katerina sanakalipe. Anangotenga chiphaso chawo nkuchibwezera m'chikwama, ndipo a Lameki anati palibe kanthu, makhansala onse ndi amodzi.

Mlatho unamangidwadi chaka chimenecho, wa simenti, wokongola, koma kutsidya kwa tala. Kumenekonso kunali khwawa, kunalinso anthu, ndipo anthu ake anavota. La Kanjedza linadya mvula ina nkukulirakulira.

Nthawi yotuta itakwananso, a Lameki anatsika nayo ngolo itadzaza matumba, a Katerina akutsatira pambuyo. Gombe linagumuka pansi pa tayala lakumanzere. Ngolo inapendama, goli linapotoka, Bulaki anagwa chogwada ndipo mwendo unamveka kuti thyo! Wailesi inagwera mumchenga ikuyankhulabe.

Ng'ombe yothyoka mwendo sadikira nayo. Anaitana a Yusufu kuti adzaizinge, kuti Asilamu nawonso athe kugula, ndipo anaisendera m'khwawa momwemo pa masamba a mgwalangwa. A Lameki anakhala pa thumba la mpunga, osagwira mpeni. Bulaki anamulera kuyambira ali thole, ndipo misozi inkatsika osaibisa. Sitima anaima potero ndi goli lopanda mnzake.

Anthu akusankha nyama, panafika njinga yamoto. Wokwerapo anali bambo wa jekete la buluu. Anayang'ana khwawa, anapukusa mutu, anapepesa mwaulemu ndithu, nkunena kuti malo ano ndi oipa ndipo nkhaniyi iyenera kukafika ku khonsolo, kungoti ndalama za milatho zinatha kale. Anasankha chiwindi, anachikulunga m'pepala la pulasitiki, nkukankha njinga yake kukwera tsidya linalo.

A Lameki anapukuta m'maso.

"Koma ndiye aulemu bambowa. Ndani amenewa?"

A Katerina anali akutola mpunga wotayika mumchenga, njere imodziimodzi. Sanadzutse mutu.

"Ndi khansala wanu," anatero.