Tsitsi la Yudasi

Mwamuna wanga Anselmo anali katswiri wojambula zithunzi, ndipo mu Seville monse dzina lake linali pakamwa pa anthu. Anajambulapo mabishopu, akuluakulu a nkhondo, ngakhale galu wa kunyumba yachifumu. Koma ine Brígida, amene ndinkachapa malaya ake a utoto okhaokha, ndikuuzani kuti anali munthu wa makani osamva za mnzake.

Chaka chimenecho ansembe a tchalitchi cha m'dera lathu la Triana anamupempha kuti ajambule Mgonero wa Ambuye. Nkhope za atumwi ankazitola mumsewu. Petro anali msodzi wina wa kumtsinje, Tomasi anali wometa tsitsi wa m'dera lathu, wosakhulupirira ngakhale mkazi wake. Pa Yohane, mtumwi wachinyamata wokongola uja, ndiye amuna anachita kulimbirana, mpaka nkhalamba ina yopanda mano inabwera itadzola mafuta. Koma malo a Yudasi pansalu yojambulapo anangokhala mbee. Akanalola ndani? Tonse tinkakumbukira wosoka nsapato amene anajambulidwa ngati mbala yoipa ya pamtanda. Ana ankamugenda ndi makoko a malalanje mpaka anasamukira ku Cádiz.

Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti Yudasi anali wa tsitsi lofiira. M'dera lathu mutu wofiira psuu unali umodzi wokha, wa Eusebio wophika buledi. Mnyamata ameneyu anali atabwera kale kudzafunsira mwana wathu Casilda, Anselmo n'kumupirikitsa ndi bulashi.

Tsiku lina anamuitanitsa yekha.

"Iwe mnyamata, Casilda ukumufunabe?"

"Kwambiri, bambo."

"Khala Yudasi wanga, ndikupatsa."

Ndinagwetsa mbale. "Bambo a Casilda, mwapenga? Adzagula buledi wa Yudasi ndani? Mukufuna ana adzadye utoto?"

Eusebio anayang'ana pansi, makutu atafiira kuposa tsitsi. Ankadziwa bwino kuti akalola, uvuni wake uzizira. Koma anakoka mpando n'kukhala.

"Ndiyang'ane mbali iti, bambo?"

Ntchito inayamba, koma sinayende. Casilda ankangodutsa pakhomo, pena ndi mtsuko, pena ndi tsache, pena chimanjamanja, ndipo akangodutsa Yudasi wathu ankasekerera ngati mwana woona mayi ake.

"Kwinya nkhope, chitsiru iwe!" Anselmo ankakuwa. "Ganizira munthu amene ukufuna kumupereka kwa adani!"

"Ndikuganizira inuyo bambo, koma sizikutheka."

"Ndiye ganizira ndalama!"

"Ndikaganiza ndalama ndimaganiza zogulira Casilda nsapato."

Anselmo anafufuta nkhopeyo, n'kujambulanso, n'kufufutanso. Nthawi zonse pankatuluka Yudasi woti ungamusiyire makiyi a nyumba. Sabata Loyera linali pafupi, ansembe ankatumiza anthu kudzafunsa, ndipo mwamuna wanga anayamba kulalatira aliyense, ngakhale mphaka. Casilda analeka zodutsa pakhomo zija. Ndinamupeza akulira m'khitchini, akusenda anyezi amene sitinkamufuna n'komwe.

Apo m'pamene mtima wanga unaphulika. Ndinalowa m'chipinda chojambulira, manja ali m'chiuno.

"Mukuvutitsiranji mwana wa eni? Mnyamatayu mulibe chinyengo, mungamufinye bwanji. Ngati mukufuna nkhope ya munthu wogulitsa wake wapamtima, musapite patali. Galasi ndi ilo pakhomapo!"

Ndinayembekezera kuti andiponyera kambale ka utoto. Sanatero. Anauza Eusebio kuti azipita, natseka chitseko. Kuyambira pamenepo chakudya tinkachisiya pakhomo, ndipo chithunzi chinatuluka m'nyumba chitaphimbidwa ndi bulangete.

Lachinayi Loyera tchalitchi chinadzaza, anthu ena atakwera m'mawindo. Ambiri sanabwerere pemphero, anabwera kudzaona wophika buledi akuchita manyazi. Eusebio anaima pambali panga. Bambo mfumu anakoka bulangete lija.

Anthu onse anasuzumira chithunzicho. Kenako wometa tsitsi uja anafuula, "Abale, si Don Anselmo uyo?"

Analidi iye. Tsitsi linali la Eusebio, lofiira psuu, koma pansi pake panali masaya olendewera a mwamuna wanga, njerewere yake ya pachibwano, ndi maso aja amene amayang'ana nawo munthu akamakambirana mtengo. Sanadzikomere mtima ngakhale pang'ono. Anthu anaseka mpaka bambo mfumu anabisa nkhope m'buku.

Anselmo anayandikira Eusebio. "Tsitsi lokha ndabwereka. Katenge mkazi wako, usanditopetse."

Ndinakhala naye zaka zambiri munthu ameneyu, koma sindinamukondepo ngati tsiku limenelo.

Mphoto yake anailandira yonse. Ana ankamutsatira mumsewu akuimba "Yudasi! Yudasi!", azimayi akuluakulu ankadzilemba chizindikiro cha mtanda akakumana naye, ndipo bishopu wina amene anafuna kujambulidwa anadwala mwadzidzidzi. Iye ankangoyenda mutu uli m'mwamba, koma kunyumba ankakhala duu, osakhudza bulashi.

Pa phwando la ukwati, mbale ya mafuta a azitona imene inali patsogolo pa Anselmo palibe anaigwira, poti Yudasi anasunsa m'mbale imodzi ndi Yesu. Alendo ankatambasula mkono kukasunsa kutali, ena moseka, ena moopadi. Mwamuna wanga anakankhira buledi wake pambali.

Eusebio anadzuka pambali pa mkwatibwi, nazungulira tebulo lonse. Ananyema buledi wophika yekha, nasunsa m'mbale ija, naluma theka. Theka linalo anasunsanso n'kulipereka ndi manja awiri.

"Idyani, apongozi."

Anselmo analandira, misozi ili chuchuchu mpaka m'ndevu.

"Taonani chitsiruchi," anatero akutafuna. "Ndachichotsa pa Yudasi, tsopano chikudziyesa Yesu."