Amayi Adzuke Okha

Chikuku chinakana kulowa pakhomo. Wachisamba anachipendeketsa uku, anachipendeketsa uko, mpaka tayala linakanda penti wa chitseko, koma iye osagonja. Munthuyu ndi woyendetsa malole, ndiye amakhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi matayala chiyenera kumumvera. Atachilowetsa anachiimika pakati pa balaza, mapulasitiki a kusitolo akadali pompo, n'kupukuta thukuta ndi chipewa.

"Amayi, mavuto atha," anatero. "Kubafa, kukhonde, kulikonse kumene mukufuna, tizikukankhani."

Amayi anali pampando wawo wamanja, nsalu ili pamawondo. Anauyang'ana mpando wamatayalawo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Wabwereka kwa ndani?"

"Ndagula, amayi."

"Chabwino. Uzikwera ndiwe."

Bambo anali ataikidwa m'manda sabata yathayo. Sanadwale n'komwe. Anagwa kuseri akuthirira maluwa, ndipo pofika kuchipatala n'kuti mtima utaima kale. Obwera kudzapepesa anali atabwerera m'makwawo, m'nyumba munatsala amayi ndi ana awo awiri: Wachisamba, amene amakhala kutali ndi banja lake, ndi mlongo wake Mzime, telala, amene kwake ndi basi imodzi yokha kuchokera pano.

Kuyambira tsiku la imfa amayi anali asanadzukepo okha pampando. Anthu anawakonda mopitirira muyeso. Akati atenge madzi, wina wathamanga kale. Akati asunthe, manja awiri ali m'khwapa. "Khalani, amayi, musavutike." Ndipo nyamakazi ya m'mawondo, imene inawazunza zaka zambiri, inapeza mpata. Mawondo anauma gwa, ntchafu zinafooka, moti tsopano kupita kubafa inali ntchito ya anthu awiri.

Mtsogoleri wa chifundo chimenechi anali Mzime. Ketulo, wailesi, kapu, mankhwala opaka, zonse anazisonkhanitsa pakatebulo pafupi ndi dzanja la amayi. Ankachita zimenezi ndi mtima wonse, komanso ndi kamkwiyo kamene sankauza munthu. Miyezi ingapo m'mbuyomo, ali kukhitchini kutsuka mbale, anamva mawu a bambo ake pabalaza. Bambo anali kapitawo wa omanga nyumba, ndipo atapuma pantchito anabweza chipewa ndi nsapato koma mawu aukapitawo anabwera nawo kunyumba.

"Dzukani nokha, mayi, ine si ndodo yanu. Khalani. Dzukaninso."

Anamva amayi akubuula. Sanalowe. Anangomenyetsa mbale m'sinki, ndipo potsanzikana pageti anawauza bambo ake m'maso muli gwa kuti ukalamba wawaumitsa mtima. Bambo anangoti, "Fulumira, basi ikusiya." Nkhaniyo sanaikambenso, ndipo tsopano panalibe woikamba naye. Zinkamuwawa Mzime kuti akuwalira bambo ake akadawakwiyira.

Chikuku chitagona usiku umodzi m'nyumbamo, m'mawa kunafika mayi wa mafizo, wophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, wochokera kuchipatala, kachikwama kali paphewa. Anapepesa maliro, kenako anapempha kuona mawondo. Anawagwira, anawapinda pang'onopang'ono. Amayi ndi amene anayankhula.

"Nena, mwanawe. Ndabwerera m'mbuyo."

"Mwabwererako, amayi. Koma si kumene tinayambira."

Wachisamba anali ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Ndiye ndinu amene mukuyesera zinthu pa amayi anga?"

"Ndife a kafukufuku, inde," anayankha mayi wa mafizo. "Palibe jakisoni, palibe mankhwala atsopano. Zoti kulimbitsa minofu ya m'ntchafu kumathandiza bondo la nyamakazi, zimenezo zikudziwika kale. Chimene tikufuna kudziwa n'chakuti, kodi munthu akamachita mafizo pakhomo ndi wachibale amene tamuphunzitsa, amapeza bwino mofanana ndi wobwera kuchipatala? Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha mtunda. Amayiwa ali m'gulu la pakhomo. Wowathandiza anali bambo."

"Ndiye zimathandiza kapena ayi?"

"Yankho la anthu onse sitinalipeze, n'chifukwa chake tikufufuza. Za amayi anu okha ndinganene zimene ndinaona. Poyamba sankadzuka pampando popanda kuwakoka. Mwezi watha anayenda okha kuchokera pageti la chipatala mpaka kuchipinda chathu."

"Ndinakafikanso kumsika," anawonjezera amayi. "Tomato ndinasankha ndekha."

Mayi wa mafizo anafotokoza kuti palibe wokakamizidwa. Amayi atafuna kusiya, atha kusiya lero lomwe. Koma atafuna kupitiriza, pafunika wachibale wina wolowa m'malo mwa bambo, ndipo amayi asasamukire kutali.

"Basi, yatha imeneyo," anatero Wachisamba. "Loweruka ndikunyamuka nawo. Kwathu kuli mtsikana wantchito, sadzagwira ngakhale supuni. Bambo anawavutitsa mokwanira."

"Usawatchule bambo ako pa nkhani imene sukuidziwa," anatero amayi, osakweza mawu. "Tamvera. Pofika Loweruka, ndikadzuka ndekha pampando pano n'kukatenga kapu m'kabati, lole yako ipite ndi chikuku, ine nditsale. Ndikalephera, undinyamule ngati thumba."

Wachisamba anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wodziwa kuti wapambana kale. Si kuti anali woipa. Anali atangotaya bambo ake ali pamsewu, kutali, ndipo ankafuna amayi ake akhale pamalo pamene angawaone. Anavomera.

Amayi anatembenukira kwa Mzime.

"Iwe ndiwe wapafupi. Ulowa?"

Mzime anayang'ana pansi. Kulowa m'malo mwa bambo, pa ntchito yomweyo imene anawadzudzulira? Koma maso a amayi anali pa iye, ndipo anavomera ndi mutu. Mayi wa mafizo anamuonetsa zochita: kuwongola mwendo ali chikhalire, kukweza chidendene, kenako chachikulu, kudzuka ndi kukhala. Anamuuza kusiyana kwa ululu wa mnofu umene ukugwira ntchito ndi ululu wobaya wofunika kusiya pomwepo.

"Ntchito yanu ndi kukhala pafupi ndi kuyang'anira," anatero. "Muwagwire pokhapokha ngati akugwa. Osawakoka."

Kunena n'kosavuta. Madzulo omwewo Mzime anaima kutsogolo kwa amayi ake. Amayi anasendera kumapeto kwa mpando, anaponda pansi, anaweramira kutsogolo, nkhope n'kukwinyika. Asanatukuke n'komwe, manja a Mzime anali atawagwira kale m'zigongono.

"Ndani wakutuma?"

"Mumagwa, amayi."

"Ndimadzuka."

Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Amayi akangobuula, manja a Mzime ankapita okha. Anayesa kuwaika m'matumba a epuloni, anatuluka. Anayesa kunyamula pilo, anamuponya pansi. Miyendo yokha inayamba kumva. Zowongola ndi zokweza chidendene zinkayenda, ndipo amayi ankazichita m'mawa ndi masana, thukuta lili kamukamu pamphumi, osadikira kukumbutsidwa. Koma kudzuka kunakanika, chifukwa nthawi zonse pakati pa mpando ndi kuimirira pankapezeka Mzime.

Lachinayi amayi anapsa mtima.

"Manja akowa ndi amene andikweze lole. Tenga ketulo iyi ubweze kukhitchini. Wailesi pawindo pamene inali. Mwandizinga ndi katundu ngati ndikugulitsa."

"Ine sindingathe kukuonani mukuvutika n'kungoima," anatero Mzime, misozi ili m'maso. "Ine si bambo."

"Ndaona," anayankha amayi.

Wachisamba ankamva zonsezi ali pakhonde, akupukuta nsapato zimene zinali zoyera kale. Pambuyo pake anamukokera mlongo wake pambali.

"Iwe, usawazunze. Asiye alephere mwaulemu, tizipita."

"Achimwene, iwowo sakufuna kupita."

"Akagwa n'kuthyoka chiuno, udzanena chiyani?"

Funso lomwelo ndi limene linkayendetsa manja a Mzime.

Loweruka m'mawa lole inali pageti. Wachisamba anali atalongeza kale masutikesi awiri a amayi, ndipo chikuku anachiyandikitsa pafupi ndi mpando, atachotsa mapulasitiki. Amayi anali atasamba, atavala diresi yabwino ndi nsapato zomanga zingwe. Mzime anaima kutsogolo kwawo monga mwa masiku onse.

"Choka pamenepo," anatero amayi. "Ukaima kutsogolo ndimaona nkhope yako, ndiye ndimakumvera chisoni. Pita kumbuyo kwa mpando. Bambo ako ankaima kumbuyo."

Mzime anazungulira n'kukaima kumbuyo. Kuchokera pamenepo ankaona msana wa amayi ake, imvi za m'khosi, ndi kutsogolo kabati ya makapu ya zitseko zagalasi.

"Ndiime bwanji?"

"Tambasula manja. Limodzi uku, lina uku. Osandikhudza."

Mzime anatambasula.

"Tsitsa pang'ono. Iwo ankaika apa, m'chiuno. Ndikayamba kuyenda, uzungulire mpando msanga, uzinditsatira choncho mpaka kukabati."

"Bambo ankatero?"

"Tsiku lililonse."

"Inu mumawaona bwanji, ali kumbuyo?"

Amayi analoza kabati ndi chibwano. M'galasimo Mzime anadziona yekha, ataweramira kutsogolo, manja ali mbali zonse ziwiri za amayi ake.

"Pakamwa ankakalipa ngati ali pa ntchito yomanga," anatero amayi. "Koma m'galasimo ndinkaona munthu wina. Manja ali chitambasulire ngati akowa. Ndikabuula, iwo ankaluma mlomo n'kuyang'ana kudenga. Ndikatsetsereka pang'ono, manja ankafika pafupi penipeni ndi diresi, kenako n'kubwerera. Ndikafika pakabati n'kutembenuka, ndinkawapeza aika kale manja m'thumba, akuti, 'Mwachedwa lero.'"

Wachisamba anachotsa dzanja pachikuku.

"Ankadziwa kuti mukuwaona?" anafunsa Mzime.

"Ayi. Ndikanawauza akanachita manyazi, n'kusuntha kabati."

Amayi anasendera kumapeto kwa mpando. Anakokera mapazi pansi pa mawondo, anaweramira kutsogolo, anapuma mozama. Ulendo woyamba anatukuka pang'ono n'kugweranso pampando. Wachisamba anaponda phazi limodzi kutsogolo.

"Ima pomwepo," anatero amayi osamuyang'ana.

Anayambanso. Bondo lakumanzere linalira, amayi anabuula kuchokera pansi pa mimba, ndipo manja a Mzime anayandikira mpaka anamva kufunda kwa thupi la amayi ake m'zikhatho. Misozi inkatsika, ndipo analibe dzanja loipukutira. Analuma mlomo. Sanawagwire.

Msana wa amayi unawongoka pang'onopang'ono mpaka anaima. Anakhala choncho kanthawi, akupuma, kenako anasuntha phazi lakumanja, lakumanzere n'kutsatira. Mzime anazungulira mpando n'kuwatsatira, ataweramira, manja ali mbali ndi mbali. Sanali yekha. Pofika pakati pa balaza, m'galasi munaoneka anthu atatu: amayi patsogolo, Mzime pambuyo pawo, ndipo pambuyo pa Mzime panali Wachisamba, mwamuna wamkulu wa mapewa otambalala, nayenso manja ali chitambasulire, osakhudza munthu.

Amayi anawayang'ana onse awiri m'galasimo. Anatsegula kabati n'kutulutsa makapu atatu.