Njira ya M'thengo ya Ba Wenceslaus

Mvula ya Januwale inakokolola kamlatho ka panjira yochokera ku Chanyanya, ndipo Wenceslaus Mbewe anangoima kutsidya ndi njinga yake, nsomba zikuwolera m'dengu. Njira ina inalipo, koma yozungulira kutali. Pofika kumsika wa ku Nangongwe dzuwa lili paliwombo, ogula anali ntchentche zokha.

Chichotsedwereni ntchito kufakitale, nsombazo ndizo zinkadyetsa banja lake. Iye ankapikula kumtsinje, mkazi wake Bridget n'kumagulitsa pamsika.

"Ba Wensi, manje tizadya chani?" anafunsa Bridget, akutaya dengu lachitatu. "Makasitoma yonse yathaba."

Mtima unamuwawa bambo uja. Anamema anzake a njinga, ulendo ku khonsolo, ukali uli m'maso. Anawalandira mayi Gwendolyn Tembo, woona za misonkho.

"Ba madamu, tivutika! Boma ili kuti?"

Mayiwo sanakweze mawu. "Mumapita bangati pa njira ija pa siku?"

"Kupitilira fifite!"

"Buku ya levi ikamba seveni." Anatembenuza bukulo kuti aone okha. "Ndalama ya misewu ni ing'ono, malo yoonongeka ni yambili. Tiyambila pamene tiona bantu. Imwe simuonekela."

Wenceslaus anayang'ana m'bukumo. Ndi iyeyo amene adatulukira kanjira ka m'thengo kolambalala chipata cholipirirapo levi, msonkho wa nsomba. Zaka zinayi anzake ankamutsatira, akumutcha "injiniya" chifukwa cha kuchenjera kwake. Ha, kuchenjera kwake kumeneko! Pozemba msonkho, iye ndi anzake anali atadzifafaniza okha m'buku la khonsolo. Palibe anamunena, koma maso onse anali pa iye, ndipo manyazi anamugwira.

"Nanga tichite bwanji?" anafunsa chapansipansi.

"Pitani pa geti. Lipilani, tengani lisiti, sungani. Mukapeleke ku komiti ya wadi, balembe pempho. Koma nisakunameni, chaka chino sichizatheka."

Ndipo sizinathekedi. Dzinja lonse anazungulira njira yaitali ija, akulipira levi pa nsomba zomwe theka ankakataya. Anzake ena anasiya ntchitoyo. Benchi la Bridget pamsika linatengedwa ndi mayi wina. Mu Epulo mpamba unatheratu, Wenceslaus nagulitsa njinga. Analira tsiku limenelo, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Malisiti okha ndiwo anachuluka, mpaka kudzaza jumbo. Komiti inalemba pempho, makhansala analivomera, ndipo mu Okutobala wa chaka chotsatira kamlatho katsopano kanamangidwa.

Wenceslaus anawoloka wapansi, dengu lobwereka lili pamutu, njinga za anzake zikumupitirira. Pachipata anatula katundu, nalipira, nadikira lisiti. Munthu wina wachilendo pantchito yopikula nsomba anamunong'oneza kuti ati kuli njira yachidule ya m'thengo.

"Niiziba, nine n'naipanga," anatero Wenceslaus. "Inanidyela njinga. Lipila chabe, mwana. Ukabisama ku msonkho, na mlatho uzakubisama."