Seva ya Ramla pa Tsiku la Fainolo

Ramla Sumani ankakonza mawebusaiti m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zipangizo za njinga ku Balaka. Makasitomala ake anali ochepa: sukulu ziwiri, malo ogona alendo, ndi ligi ya mpira ya m'midzi ya ku Machinga, yomwe mlembi wake anali amalume ake, a Akimu. Webusaiti ya ligiyi anaipanga ataona kuti amalumewo atopa ndi mafoni a anthu akwawo okhala ku Joni, ofunsa kuti timu yawo yasewera bwanji.

A Akimu ankalemba chigoli pa foni yawo ali kubwalo, chigolicho chinkalowa mu databesi momwe munkasungidwa zotsatira zonse, ndipo aliyense wotsegula tsambalo ankachiona pamodzi ndi ndandanda wa matimu. Ramla analiika tsambali pa phukusi laling'ono la kampani yosunga mawebusaiti. Pamenepo seva imodzi, kompyuta yomwe mawebusaitiwo amakhalamo, amagawana anthu ambiri, aliyense ndi malire ake, ndipo ukapyola malirewo tsamba lako limayamba latsekedwa. Chaka chonse la Ramla silinawayandikire n'komwe.

Loweruka la fainolo, Mikango ya Nselema inkakumana ndi Njanji ya Nayuchi. Ramla sanapite chifukwa anali ndi ntchito ya sukulu ina yoti amalize. Mpira utangoyamba masanawo, anasuzumira mwachizolowezi pa tsamba loonetsa mmene seva ikulemedwera. Mzere womwe masiku onse unkakwawa pansi unali utakwera mpaka pofiira. Anthu mazana asanu ndi awiri anali pa webusaitiyo nthawi imodzi, ambiri ali ku Joni, ena ku Mozambique, ena ku Lilongwe. Wina anali atamwaza adiresi yake m'magulu a pa foni.

Poyamba anaseka yekha ndi chimwemwe. Kenako anaona kuti tsamba layamba kuchedwa kutseguka, ndipo anadziwa kuti zikapitirira chonchi litsekedwa chigawo choyamba chisanathe.

Anayang'ana mafunso omwe databesi inkavutika nawo, ndipo vuto analipeza msanga. Munthu aliyense akangodina kuti aone zatsopano, webusaitiyo inkawerenganso masewero onse a chaka chonse kuti ipange ndandanda uja. Anthu akakhala khumi zinalibe kanthu, koma lero aliyense ankadina mobwerezabwereza. Anaganiza zoti seva izikonza tsambalo kamodzi, n'kulisunga, n'kumapatsa aliyense lomwelo kwa theka la mphindi isanakonze lina. Kuti asinthe zimenezi bwinobwino, panafunika kuti pasalowe china chatsopano kwa kanthawi. Anaimbira amalume ake.

"Amalume, musalembe kalikonse kwa mphindi zisanu."

"Nanga wina akagoletsa?" anafunsa a Akimu, phokoso la ng'oma likumveka kumbuyo kwawo.

"Muwauze ayambe adikira."

A Akimu anaseka mpaka kutsokomola, nati ayesa kulankhula ndi woyimbira.

Ali mkati mogwira ntchitoyo, analowa mayi Martina, eni sitolo ija, omwe kwawo kunali ku Nayuchi komweko. Foni ili m'manja, anadandaula kuti adina kambirimbiri koma tsamba la mpira likungozungulira. Ramla anawauza mwaulemu kuti kudina kwawoko n'komwe kukulemetsa seva, ndipo anawaonetsa mzere wofiira uja. Mayiwo anauyang'anitsitsa, n'kuika foni yawo chafufumimba pa tebulo, n'kukhala pa mpando manja atapinda ngati ali m'tchalitchi.

Pa mphindi yachitatu mwa zisanu zija foni ya Ramla inalira. Anali a Akimu, mawu ali m'mwamba, kunena kuti Nayuchi yagoletsa ndipo chala chawo chikuyabwa. Mayi Martina anamva, anadzuka n'kuyamba kuvina pakati pa mawaya. Ramla anapempha amalume ake kuti apirire pang'ono. Analakwitsa chilembo chimodzi, anachikonza, n'kuyesa tsambalo pa foni yake. Linatseguka nthawi yomweyo.

"Lembani tsopano," anatero.

Chigolicho chinaonekera. Ramla anayang'ana mzere uja ukutsika kuchoka pofiira, kudutsa pachikasu, mpaka kukhazikika pobiriwira, pomwe anthu anali akuwonjezekabe. Pofika chigawo chachiwiri anapitirira chikwi chimodzi ndi theka, koma seva sinaonetse kutopa. Ntchito ya sukulu ija anaiiwala. Iye ndi mayi Martina anagawana chinangwa chootcha akutsatira mpirawo, wina maso pa zigoli, wina pa mzere. Nselema inabweza, koma kutatsala pang'ono kuti mpira uthe Nayuchi inagoletsanso, n'kutenga chikho. Mayi Martina anatseka sitolo dzuwa lidakalipo kuti akauze abale awo.

Lolemba m'mawa Ramla anakonza zoti seva izimutumizira uthenga pa foni ikayamba kulemedwa, kuti asamadalire kusuzumira mwamwayi. Cha kumasana a Akimu anatsika minibasi, mawu atasasa, atanyamula tambala wamkulu kukhwapa. Ngakhale timu yawo ya Nselema inagonja, nkhope yawo inali yowala. Anafotokoza kuti usiku wa Loweruka ndi Lamulungu lonse analandira mauthenga ochokera kwa anthu omwe anachoka kumudzi kalekale, ena omwe iwo ankayesa kuti anaiwala kwawo. Komiti ya ligi inagwirizana kuti tambalayo apite kwa mwana amene anachititsa kuti onsewo aonere limodzi.

Ramla analandira ndi manja awiri, koma analibe pomusunga. Mayi Martina anamumangirira ku mwendo wa shelefu ya matayala, ndipo tsiku lonselo aliyense wobwera kudzagula chubu ankayamba wamva nkhani ya fainolo asanapatsidwe katundu wake.